Galimoto Yosayenda ya a Zuze

Lolemba

Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Mualadzi. Aliyense khasu paphewa. Ine khasu ndili nalo, latsopano, la chithandizo. Mbewu ndili nayo, m'kathumba pansi pa mphasa. Polima ndiye ndilibe. Chibwerere kuchokera ku Zambia tikudya za m'nkhokwe ya apongozi, ndipo akamapita kunkhokweko amatsokomola kuti ndimve.

Mwana wanga Tereza wamera dzino. Limodzi, lapansi. Munthu wa dzino posachedwa afuna chimanga, ndipo chimanga cha bambo ake kulibe.

M'mawa a Zuze andiitana kuseri kwa kantina, sitolo yakale yakugwa ya pamudzi pano. Iwowa ndi amalume ake a Luwiza, mkazi wanga, ndipo minda yonse ya mbumba ino amagawa ndi iwo. Akuti: "Mkamwini, ndamva kuti ku Zambia munali mmisiri wa tinta." Tinta ndiye penti, amene sanathawe nkhondo amatero. Ndayang'ana Luwiza. Luwiza akuyang'ana nyerere. Chimene ndinachita ku kampu ya othawa nkhondo ndi kupaka laimu zimbudzi za pachipatala, ndi tsache. Koma mkamwini sakana nkhani asanaimve yonse. Ndati eya.

Nkhani yake ndi iyi. Kuseri kwa kantinako kuli galimoto ya mwana wa Mpwitikizi, mwini kantina amene anathawa ine ndikuyenda wamaliseche. A Zuze anali mlonda pamenepo, ndiye akuti galimotoyo anawasiyira iwo. Mboni zonse zinafa pankhondo. Tsopano a Kandido, msilikali amene watula mfuti n'kutsegula baraka la mowa ku Cassacatiza, akuifuna. Aiimike pakhomo pa baraka, oyendetsa malole azijambulitsa atakhalamo. Kuyenda sakufuna, akufuna kuwala basi. Abwera Loweruka ndi ngolo kudzaikoka.

Ikawala, ikagulidwa, ine andipatsa tsala la kumtsinje. Munda wa dothi lakuda, wagona nkhondo yonse osalimidwa, ochotsa mabomba anadutsamo kale. Tsala limenelo ndimalilota ndili maso.

Ndaizungulira. Galimoto ya munthu wopanda abale imeneyi! Mipando iwiri yokha. Denga ilibe, ndipo si nkhondo inachotsa ayi, akuti inabadwa choncho. Thumba la chimanga ulibe poliika. Mimba yake ili pansi penipeni moti mzere wa mbatata singaukwere. Mphuno yokha ndiye yaitali ngati ya ng'ona. Njinga yanga ikuiposa nzeru. Koma a Zuze akamaiyang'ana maso amanyowa. Akuti inali yobiriwira ngati nkhwani, ikamadutsa akazi ankasiya kusinja.

Zomwe palibe: matayala (anthu anadula nkhwaira), mawaya (anatchera nawo mbira), kalilole wa m'mbali (ali m'nyumba mwa a Zuze, amameterapo ndevu), theka la injini.

Zomwe zilipo: dzimbiri, mabowo a zipolopolo pachitseko, mavu, ndi nkhuku ya apongozi yokhalira mazira pampando wa dalaivala.

Mawa kupala. Mkuja kutseka mabowo. Lachinayi kusaka penti. Lachisanu kupaka. Loweruka munda. Zosavuta!

Lachiwiri

Sandipepa mudzi wonse kulibe, ena sanamumvepo n'komwe. Ndikupala ndi mchenga wa kumtsinje, zitsononkho ndi chiduswa cha njerwa.

Poyamba mavu. Ndawafukiza ndi udzu. Asamuka, koma asanapite anditsanzika pachikope. Diso lakumanzere latseka. Tereza wandiona n'kulira. Luwiza wandiona n'kuseka mpaka kukhala pansi.

Kenako nkhuku. Ndaisamutsa ndi mazira ake, mwaulemu, ndi manja awiri, n'kuiika m'dengu pamthunzi. Apongozi ndi ine sitiyankhulana maso ndi maso, mwambo sulola, tikakumana panjira wina amalowa patchire. Ndiye aima patali, andifulatira, n'kumauza nkhuku: "Iwe unabadwira pano, lero akukusamutsa ndi obwera." Nkhuku sinayankhe. Inenso ayi.

Lero ndaphunzira chinthu. Chimene chagwira galimotoyi zaka zonsezi ndi dzimbiri lomwelo. Ndikapala pang'ono, dzuwa likuonekera mbali inayo. Bowo limene m'mawa mumalowa chala, tsopano mukulowa nkhonya. Chitseko chakumanja ndachikwecha ndi njerwa mwamphamvu ndithu, chayamba kuyera, ndasangalala, kenako chagwa. Pachala changa chachikulu chakuphazi!

Masana a Zuze abwera ndi mpando wawo kudzayang'anira ntchito. Akuti mwana wa Mpwitikizi ankaipukuta ndi kansalu kofewa ngati khutu la mwana wa mbuzi, tsiku ndi tsiku, akuimba mluzu. Ndati nanga kansaluko bwanji sanakusiyireni. Ayi, sindinanene. Ndanenera mumtima, ndikumangirira chitseko ndi luzi.

Chakumadzulo kwagunda. Aliyense wayang'ana kumwamba akumwetulira. M'boma lonse la Chifunde ndine ndekha amene ndikupempha Mulungu ndi mizimu yomwe kuti mvula ibadikira kaye. Akandimva andipirikitsa.

Tereza m'mimba mwafewa. Luwiza akuti ndi dzino. Ine ndikuti ndi madzi a pachitsime, sali ngati a pamjigo wa ku kampu. Ndafunsanso, ndafunsanso, wandiuza kuti ndipite ndikafunse galimoto yanga.

Lachitatu

Tsiku la mabowo.

Ku Katete ndinaona amisiri akumata galimoto ndi phala lotuwa la m'chitini, louma ngati mwala. Kuno phala limenelo kulibe. Ndayesa izi:

Dothi la pachulu losakaniza ndi ndowe. Likumata bwino. Likauma likung'aluka n'kugwera m'kati. Mayi wina wodutsa wandifunsa ngati ndingakamzirirenso khonde.

Phula la njuchi. Ili ndiye lokongola, see, losalala ngati tsaya la Tereza. M'mawa wonse ndinali mmisiri weniweni. Dzuwa litafika pamutu, chitseko chayamba kugwetsa misozi. Kenako njuchi zabwera kudzatenga katundu wawo.

Zitini za mafuta ophikira a chithandizo. Kudula, kuwongola ndi mwala, kukhomera ndi misomali yozula padenga la kantina. Izi zagwira!

Vuto lake zilembo. Ku kampu anatiuza kuti zilembo za pazitinizi zimati mafutawa ndi mphatso, sagulitsa. Tsopano chitseko chonse chikunena zimenezo, pagalimoto yoti igulitsidwe Loweruka. A Zuze sawerenga. A Kandido kaya. Penti adzabisa.

Vuto lina, chitini chimodzi chinali chotungira madzi cha Luwiza. "Bambo a Tereza, mawa mudzakhomerapo ineyo," akutero. Ndati akadzaona chimanga cha kumtsinje adzaiwala. Akuti chimanga sichitunga madzi.

A Zuze agogoda pachigamba ndi ndodo, amvetsera, agogodanso. Akuti chikulira ngati chigayo cha kutali. Sindikudziwa ngati kumeneko ndi kuyamikira.

Mbuzi zikudya luzi la pachitseko. Ana a mudzi wonse akukwera pamphuno n'kumalira ngati injini, wina wakodzerapo. Akazi opita kuchitsime aliyense adutsitsapo dzanja. Lachisanu zimenezi sizingatheke. Ndiyenera kupeza njira yoti chamoyo chilichonse chisayandikire penti asanaume.

Tereza wakana phala. Wadya pang'ono kenako, koma poyamba anakana.

Lachinayi

Njinga, ku Cassacatiza. M'masitolo muli mchere, sopo, machesi, mabatire, ndi mowa wa mitundu yochuluka kuposa anthu ake. Penti? Wogulitsa wina wandifunsa ngati ndikumanga tchalitchi. Ndaliona baraka la a Kandido. Asesa kale poimika galimoto, akuuza aliyense wodutsa. Ndadutsa chozemba, chipewa chili m'maso.

Pobwerera, m'mbali mwa msewu muli msasa wa ochotsa mabomba, aja amayenda chogwada ndi kachitsulo kolira. Kuseri kwa matenti awo, zitini za penti mulu! Ndatsika njinga isanaime. Wophika wawo, munthu wa ku Nsadzo, akuti zitinizo nzotaya koma pansi pake pamatsalira. Takokota chimodzichimodzi mpaka chitini chimodzi chadzadza. Ndamusiyira jekete yanga ya ku Zambia, ija ya zipi. Mwezi wa Juni ndidzazizidwa, koma Juni ali kutali, Tereza ali pafupi.

Pondipatsa akuti: "Achimwene, tinta iyi si yosewera nayo." Ndamuuza kuti akuyankhula ndi bambo wa mwana, ndidzaiika patsindwi pomwe mwana safika.

Pentiyo ndi wofiira kuposa magazi. A Zuze anunkhiza, akwinya mphuno, akuti galimoto inali yobiriwira. Ndati galimoto zothamanga masiku ano zimakhala zofiira, ndinaziona ku Zambia. Ndinaonadi, pa kalendala ya kuchipatala. Avomera.

Burashi ayi. A Kandido ananena kuti safuna mizeremizere ngati khoma la sukulu, akufuna yochita kupopera. A Zuze atulutsa pampu yopopera thonje, yobereka kumsana, ya nthawi ya atsamunda. M'kati amasungamo nyemba. Takhuthula. Penti ndi wolimba ngati phala la dzulo, ndiye ndamusungunula ndi parafini wa m'nyali, yense. Lero tilowa m'nyumba pamodzi ndi nkhuku.

Za Tereza ndakakamira, ndapambana. Mawa Luwiza apita naye kuchipatala, akagona kwa azakhali ake, abwera Loweruka. Akuti akupita osati chifukwa mwana akudwala, koma kuti makutu ake apume.

Lachisanu

Tsiku lalikulu! Kumwamba kuli mbee.

Munthu wanzeru sayesera pagalimoto penipeni. Ndatola miyala, kuseri kwa kantina ilipo yambiri, n'kumayesera pamenepo. Pamwala woyamba pampu yalavula. Pa wina yakodza. Ndatokosa kabowo kake ndi munga, yatsokomola, yandimwetsa. Miyala yambiri yafiira pampu isanaphunzire ntchito, koma yaphunzira.

Mphuno ya galimoto yatuluka bwino, kunena zoona. Ndaima n'kuiyang'ana, mtima myaa. Kwa kanthawi ndamumvetsa mwana wa Mpwitikizi. Kenako mphepo.

Zomwe zafiira: galimoto (mbali yaikulu), khoma la kantina, nkhope yanga, msana wanga wonse poti pampu ikudontha, ndi nkhuku ya apongozi mbali imodzi. Inabwerera pampando ine osaona.

Zomwe zamatirira papenti: fumbi, masamba, ntchentche, nthenga, ndi mapazi a nkhuku kuyambira pamphuno mpaka kumbuyo.

Zilembo za pazitini zikuonekabe, koma mpaka uyandikire.

Apongozi kwa nkhuku: "Unachoka uli woyera, wabwera ngati akupha kale."

Tsopano nzeru ya sabata yonse. Miyala yoyeserapo ija ndaindandalika mozungulira, kuyambira pakhoma, kudutsa panjira ya kuchitsime, kuseri kwa nkhokwe ya a Zuze, mpaka pakhoma pomwepo, kuti anthu azilambalala penti aume. Mbuzi sizinamvere. Koma anthu! Ulemu wotere sindinauonepo chibadwire. Akazi opita kuchitsime afika pamiyala, aima, abwerera akuponda momwe anaponda pobwera. Ana amene andizunza sabata yonse, amayi awo awakoka pamkono mpaka m'nyumba. Mudzi wonse zii. A Zuze sanaone, ali kumowa kutsidya.

Dzuwa likulowa apongozi aima patali kuposa masiku onse, akufuula kwa nkhuku: "Tuluka m'menemo, uli ndi ana!" Kufuula kangapo. Mazira sanaswe n'komwe. Ukalamba.

Anthu akuno mmisiri amamulemekeza, koma mpaka aone ntchito.

Ndasamba ndi mchenga. Penti sakuchoka.

Loweruka

Penti wauma, pafupifupi. Ukaima patali n'kuyang'ana ndi diso limodzi, ikuwala. Ine diso limodzi ndi limene ndili nalo.

A Kandido afika ndi ngolo, malaya atsopano, a Zuze pambali pawo akufotokoza za akazi osiya kusinja. Anthu m'mbuyo. Akhota pakona pa kantina. A Kandido aima ngati aponda munga, mwendo umodzi m'mwamba. Akuti aliyense asasunthe.

Apo m'pamene ndakumbukira. Miyala yofiira! Ku kampu tisanakwere malole obwerera anatiphunzitsa ndi zithunzi, mpaka kutiimbitsa: ukaona mwala wofiira pali bomba lokwirira, bwerera m'mapazi ako. Ine ndinkaimba mokweza kuposa onse. Penti ndakatenga kwa eni ake enieni a miyalayo, ndi miyendo yanga. Mutu uwu ndi wonyamulira chipewa basi.

Ndafuula kuti ndine, ndapaka ndine, taonani nkhope yangayi. A Kandido akuti ochotsa mabomba adutsa mumsewu uno sabata yomwe ino, ndani angasiyanitse mwala wanga ndi wawo? Ndati yonse ndi yanga. Akuti kodi ndinaiwerenga? Sindinaiwerenge.

"Mphwanga," akutero, mwendo ukadali m'mwamba, "ine ndatuluka m'nkhondo ndi miyendo iwiri chifukwa sinditsutsana ndi mwala wofiira."

Kuti aone ndi maso awo, ndalowa m'kati mwa miyala n'kuyamba kudumpha. Apa, apo, paliponse, kupondaponda ngati ndili pagule. Anthu balala! A Kandido agona chafufumimba kuseri kwa ngolo ndi malaya atsopano aja. A Zuze, amene akhala akudandaula bondo chifikire ine pamudzi pano, alumpha mpanda osaukhudza. Ng'ombe zokha ndi zimene zandikhulupirira.

Nthawi yomweyo Luwiza akufika, Tereza kumsana, n'kupeza mwamuna wake wofiira akuvina yekha pakati pa mabomba. Mawu amene wanena sindilemba, mwina Tereza adzaphunzira kuwerenga. Tereza wandiyang'ana n'kubisa nkhope, sakundidziwa. Kuchipatala akuti ndi dzino.

A Kandido azungulira malo onse ndi luzi, akuyenda patali, kenako atenga njinga yanga kukanena kumsasa. Abwera ndi yankho. Malo aliwonse onenedwa ayenera kupimidwa, ndipo ochotsa mabombawo adzabwera akamaliza msewu. Liti? Dzinja likatha. Ndati ndiikankhe ndekha mpaka kunja kwa luzi. Akuti chinthu chotuluka m'menemo sangachiimike pomwe anthu amamwa, ndani angakhalepo? Ngolo yabwerera yopanda kanthu.

Nkhokwe ya a Zuze ili m'kati mwa luzi. Akafuna chimanga chawo atuma ine. Njira ya kuchitsime tsopano ndi yozungulira, yodutsa pakhomo pathu, ndipo mkazi aliyense wodutsa ndi ndowa akutchula amayi anga, amene sanapake mwala ndi umodzi womwe.

Za tsala la kumtsinje sindinafunse.

Lamulungu

Mvula yagwa m'bandakucha. Yeniyeni, yobzalira. Dothi likununkhira mpaka m'nyumba.

Kutchalitchi sindinapite, nkhope.

A Zuze andiitana, atakhala patali ndi luzi, bondo atamanga nsanza. Tsala la kumtsinje apereka kwa mwamuna wa mng'ono wake wa Luwiza, munthu amene sabata yonseyi sanachite kanthu kalikonse. Ndaphunzirapo. Ayang'ana galimoto yawo. Kenako akuti: "Koma mwana sangadye mkwiyo wanga. Inu mukuti m'menemo mulibe kanthu. Limani m'menemo." Kuyambira pakhoma mpaka paluzi, ndi galimoto yomwe. Ndaomba m'manja, ndathokoza. Nanga n'kutani.

Ndiye munda ndili nawo. Zomwe zilimo: miyala, njerwa, magalasi a mabotolo a Mpwitikizi, nkhokwe ya eni ake, galimoto. Ubwino wake, wakuba salowamo, ana salowamo, apongozi salowamo. Ndiponso pansi pa galimotopo pali zitosi za nkhuku za nkhondo yonse, dothi lake bii.

Masana ndayamba kulima, ngakhale lili la Mulungu, andikhululukire. Ndikudziwa kuti mulibe kanthu. Ndagwadamo sabata yonse, dzulo ndavinamo. Koma pangodya ya kuseri kwa nkhokwe sindikukumbuka ngati ndinapondapo. Pamenepo ndasiya. Kwinako khasu ndikuligwetsa pang'onopang'ono ngati ndikuodira pakhomo pa apongozi.

Luwiza waima kunja kwa luzi ndi Tereza, akundiuza kuti mzere wakhota. Wayambanso kuyankhula. Akuti chitseko chikadzagwanso ndimubwezere chitini chake.

Mvula yabweranso ndili m'kati. Ndathamangira m'galimoto. Denga ilibe, ndinaiwala. Nkhuku yabwerera pampando wa dalaivala, ine ndakhala wapambali, tonse ofiira, tonse onyowa, sitikupita kulikonse.

Mawa ndibzala chimanga, ndipo mozungulira galimoto ndibzala maungu. Akayanga aikwirira yonse, zilembo ndi mapazi a nkhuku omwe. A Zuze ankaifuna yobiriwira ngati nkhwani. Adikire Febuluwale.